Kalendala Itsogole, Kompyuta Itsatire

Aphunzitsi anzathu a maŵa, ife tikhulupirira kuti mwana woloŵeza masiku ndi miyezi popanda kumvetsa malamulo ake adzavutika akadzayamba kulangiza kompyuta. Makinawo saganiza, angotsata lamulo limene munthu waŵalembera.

Tiyambire pa zimene ana a ku Mpamba, m'boma la Nkhata Bay, adziŵa kale. Asodzi a usipa kunyanja ayang'ana mwezi wakumwamba, pakuti nyali zawo zikopa bwino nsomba mdima ukachuluka. Mwezi umenewu utenga masiku 29 ndi theka, pamene wa pakalendala uli ndi 30 kapena 31, kupatula Febuluwale. Mwana akaona kusiyanaku azindikira kuti kalendala ndi pangano la anthu, ndipo pangano liri ndi malamulo.

Lamulo limodzi ndi la Febuluwale wa masiku 29. Ambiri tiphunzitsa kuti abwera zaka zinayi zilizonse, koma pamenepa tanena theka chabe. Kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582 ichotsapo zaka zogaŵika ndi 100, pokhapokha zitagaŵikanso ndi 400. Motero 1900 inalibe tsikuli, 2000 inali nalo, ndipo 2100 sidzakhala nalo. Wolemba pulogalamu ndi theka la lamulo adzasokoneza masiku obadwa ndi a malipiro omwe.

Tionenso maina a masiku. Lachiŵiri mpaka Lachisanu adziŵerenga okha kuchokera pa Lolemba. Koma m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, lamulo la weekday() lipatsa Lolemba nambala 0, choncho Lachiŵiri likhala 1. La isoweekday() ndilo ligwirizana ndi Chicheŵa, pakuti liyambira pa 1. Kalembedwe nako kali ndi msampha: 6/7/1964 kwa ife ndi 6 Julayi, tsiku la ufulu wa Malaŵi, koma wa ku America aŵerenga 7 Juni. Nchifukwa chake olemba mapulogalamu atsogoza chaka, nalemba 1964-07-06.

Zonsezi sizilira magetsi. Choko ndi bolodi nzokwana. Ana alembe mafunso atatu motsatana: kodi chakachi chigaŵika ndi 4, ndi 100, ndi 400? Mmodzi akhale kompyuta, nayankhe zokhazo zimene anzake amlembera. Akalakwitsa, kalasi lonse lifunefune polakwika m'malangizowo. Potero ana aphunzira kulongosola maganizo asanakhudze makina. Tisadikire kompyuta kuti tiyambe, pakuti m'mera mpoyamba.