NDANI AYENERA KUGULA ULUSI?

Mayi woyembekezera akapita kusikelo m'zipatala zambiri za kumudzi kuno kwathu, anamwino akatha kumupima amamuuza zoti akonzeretu tsiku lochira lisanafike. Mndandanda wake umasiyana pang'ono malinga ndi chipatala, koma mutu wake ndi umodzi: zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, sopo, pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano losatsekula, ulusi womangira mchombo, kandulo ndi machesi kapena tochi, ndipo kwina amaonjezera botolo la jiki. Amene adakulira m'tauni ndipo akuganiza kuti ndikuthira mchere, afunse amayi amene amasesa m'makalasi mwathu m'maŵa uliwonse. Amuyalira zonse, mwina kuposa apa.

Ine ndikuti mndandanda umenewu ndi msonkho. Ndi msonkho umene sudakambidwepo m'Nyumba ya Malamulo, ulibe lisiti, ndipo amapereka ndi mayi wapakati pa nthaŵi imene alibe mphamvu yokana.

Tisasokoneze zinthu. Zitenje, mateŵera, kachipeŵa ka mwana, shawelo, ufa ndi nkhuni za wodwazika matenda, zimenezi ndi za banja ndipo sindikulimbana nazo. Palibe mayi amene angakondwe kufunditsa khanda lake nsalu yaboma pamene azakhali adagula kale chitenje cha maluŵa. Mlandu wanga uli pa lezala, ulusi, pepala lakuda, kandulo ndi jiki. Izi ndi zida zogwirira ntchito. Chipatala chimene chili m'malo mwake chimadula mchombo ndi sizasi yoŵiritsidwa, chimamanga ndi kopanira kake kapulasitiki, chimayala chake choyala ndi kuchitsuka ndi mankhwala ake, ndipo chimayatsa nyale yake. Aphunzitsi athu pano atauzidwa kuti kuyambira Lolemba aliyense azibwera ndi choko ndi babu lake, msonkhano wa bungwe lawo ungachitike dzuŵa lisanaloŵe.

Yang'anitsitsani zida zimenezo muone kuti nza yani. Lezala latsopano, ulusi woyera, sopo ndi choyala chaukhondo ndizo zimene a zaumoyo ankaphunzitsa azamba a kumudzi kuti azikhala nazo, pofuna kuti mwana wobadwira m'nyumba asaloŵedwe kafumbata kudzera pamchombo. Ndi zida za ubereki wa pakhomo. Mu 2007 boma lidaletsa azamba ameneŵa kubereketsa, ponena kuti amayi ankafera m'manja mwawo chifukwa sadziŵa chochita magazi akakana kuleka kapena mwana akapingasa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adanena kuti chiletsocho chichotsedwe, koma njira ya boma siidasinthe kwenikweni: mayi akachirire kuchipatala. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa ntchito yapadera ya uchembere wabwino, mafumu motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu adaigwira ndi manja aŵiri, ndipo m'midzi yambiri mudakhazikika malamulo oti wochirira pakhomo kapena panjira alipire chindapusa, kwina nkhuku, kwina mbuzi, kwina ndalama. Tsono taonani zimene tidachita. Tidachotsa mzamba, phukusi lake nkumusenzetsa mayi wodwalayo kuti ayende nalo mtunda wonse kukalipereka kwa namwino.

Sindikuti azamba abwerere. Ziŵerengero zili poyera ndipo sindizikana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse, 55 okha ndiwo ankabadwira kuchipatala. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 91. Kafukufuku wa 2000 adati pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira. Wa 2010 adati 675, ndipo wa 2015 mpaka 2016 adati 439. Ziŵerengero zimenezi akuluakulu amanyadira nazo m'misonkhano ya kunja, ndipo nkoyenera kutero. Koma amene adayenda mtunda ndi mimba ya miyezi isanu ndi inayi, amene adagona masabata m'nyumba zodikirira akuphika pamafuwa kuseri kwa chipatala, minda itatsala yosapalira, ndi amayi. Iwo adamvera. Adauzidwa kuti bwerani ndipo adabwera. Funso nlakuti kodi wowaitanayo adakonza chiyani? Munthu sungaitane mlendo, kumuopseza ndi mbuzi akapanda kufika, iye nkufika, iwe nkumufunsa ngati wabwera ndi mpando.

Tchuthi chapitachi ndidakhala masiku anayi pachipatala china chaching'ono ndikudwazika achemwali anga. Usiku wachiŵiri kudafika mtsikana, msinkhu wake wosaposa wa ophunzira a chaka choyamba, atakwezedwa pa njinga ya kabaza, agogo ake akutsatira pambuyo wapansi. Adali ndi chitenje chimodzi m'chiuno, china m'jumbo, basi. Namwino adayang'ana m'jumbomo nati, "Inu amayi, miyezi yonseyi mumatani? Mimbayi yakudzidzimutsani lero?" Mtsikanayo sadayankhe, adangogwira khoma. Achemwali adandituma kuti nditenge pepala lathu lakuda ndilidule pakati. Mayi wina amene adachira dzulo lake adatulutsa lezala lotsala. Ulusi udachokera kwa wina amene sindidamuone nkhope chifukwa magetsi adali atazima. Mwana adabadwa mbandakucha, namwino yemwe uja akuunikira ndi foni. Agogo aja adafika mwana atalira kale, ndipo mawu awo oyamba kwa namwino adali opepesa.

Kupepesako nkumene kwandilembetsa nkhaniyi. Gogo wayenda usiku, mdzukulu wake wapulumuka pakati pa moyo ndi imfa, ndipo iye akuŵerama kupepesa chifukwa chipatala chilibe ulusi. Manyazi adaloŵa nyumba yolakwika.

Namwinoyo sindimuimba mlandu wa kusoŵa kwa zida. Sindiye amagaŵa ndalama za boma, ndipo usiku umenewo adali yekha pa amayi onse aja. Mndandanda uja adauyambitsa ndi anthu onga iye pofuna kupulumutsa miyoyo pamene m'kabati mulibe kanthu, ndipo lezala latsopano la m'hokala liposa sizasi yosaŵiritsa. Mlandu wake ndi wa pakamwa pokha. Koma chimene chidayamba ngati njira yozembera vuto la mwezi umodzi chakhazikika, chasanduka mwambo, mpaka tikuchiphunzitsa kusikelo ndi nyimbo ndi m'manja ngati gawo la ukhondo wa mayi wanzeru. Amene safika nazo timamutcha wosasamala.

Akuluakulu a zaumoyo adzandiyankha kuti uku nkukonzekera uchembere, ndipo wina adzaponya mwambi: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Miyambi imeneyi njoona pa munthu ndi mnansi wake. Boma si mnansi. Mayi ameneyu amalipira chiphaso pamsika tsiku lililonse pamene wayala tomato, amadulidwa msonkho pa mayunitsi a foni, amalipira msonkho wa mafuta nthaŵi iliyonse wakwera minibasi. Adasungitsa kale. Gawo 13 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limaika chisamaliro chokwanira cha zaumoyo pakati pa zolinga zimene boma liyenera kutsata, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena za ufulu wa thandizo la uchembere. Timauzidwanso kuti zipatala za boma nzaulere. Chaulere chimene uyenera kugulitsa nkhuku kuti uchifikire ndi chaulere chotani?

Ndipo nkhaniyi si ya ndalama chabe. Mu 1994 akatswiri aŵiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, adafotokoza kuti amayi amafa pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Anzathu ophunzira za unamwino amaloŵeza zimenezi pokonzekera mayeso. Kuchedwa koyambako timakonda kukukankhira pa umbuli, pa apongozi ndi pa miyambo. Koma taganizani za mayi amene akudziŵa bwino lomwe kuti ayenera kupita, koma zitenje sizidakwane, pepala sadagule, bambo adapita kuganyu ndipo sadabwere. Adamva mmene mnzake adalalatiridwira pamaso pa gulu. Amadikira. Amati mwina maŵa ndalama ipezeka. Matenda akamugwira zenizeni ndiye amanyamuka, nkuchirira pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Magazi akapanda kuleka atachira, mayi angathe kumwalira m'maola aŵiri okha. Akapulumuka, kumudzi kukumudikira chindapusa. Amene adalephera kugula pepala la pulasitiki apeze mbuzi! Umenewu si umbuli wake. Kuchedwako tamupangira ndife ndi mndandanda wathu.

Adzati boma lilibe ndalama. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikupereŵera pa muyeso umenewo. Mu 2013 tidamva za mabiliyoni amene adatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sadaperekedwe, ndalama zina nkupezeka m'mabuti a galimoto. Dziko limene lidakwanitsa kubedwa chomwecho lisandiuze kuti ulusi walikanika. Komanso ngakhale tikadakhala osauka moona mtima, njira tasankhayi ndiyo yodula kuposa zonse. Bungwe la Central Medical Stores Trust likagula zopanira mchombo limagula zambirimbiri pa mtengo wa pikulitsa. Mayi wa kumudzi amagula lezala limodzi, kandulo imodzi, pepala mita imodzi kapena ziŵiri, m'kagolosale ka kumapeto kwa msewu kumene katundu amafika atakwera kale kangapo. Pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi idalumpha, koma mndandanda sudafupike ndi mzere ngakhale umodzi. Monga fuko tikulipirabe zida zimenezi, kungoti tasankha kuti alipire wosaukitsitsa, pa mtengo wokwereratu.

Mu 2016 bungwe la WaterAid lidafalitsa zithunzi za zimene amayi oyembekezera a m'maiko osiyanasiyana amalongedza popita kukachira. M'zikwama za ku maiko olemera mudali mafuta onunkhira osisitira thupi, zoimbira nyimbo ndi tokhwasula m'kamwa. Za mayi wa kuno kwathu zidali tochi, pepala lakuda, lezala, ulusi, zitenje zitatu ndi 200 kwacha. Azungu adamva chisoni, ndipo mwina ena adapereka ndalama. Ine chimene chimandiŵaŵa nchakuti kwa ife chithunzicho sichidali nkhani. Tidachiyang'ana nkuti, inde, mayiyu adakonzeka bwino.

Dziko la Finland lidali losauka ndithu pamene mu 1938 lidayamba kupatsa amayi ovutika phukusi la zovala ndi zofunda za khanda. Mu 1949 lidatsegula mwayiwo kwa mayi aliyense, lamulo lake nkukhala limodzi: ayambe wapita kusikelo mwezi wachinayi usanathe. Katoni yakeyo, yokhala ndi kamatiresi pansi, imasanduka bedi loyamba la mwana. Sindikupempha katoni ya ku Finland, nyengo yathu ndi ina ndipo mwana wathu amagona ndi amake. Ndikungoonetsa kuti boma likafuna kuti mayi abwere kuchipatala lili ndi njira ziŵiri, kumukopa ndi phukusi kapena kumuopseza ndi mbuzi. Iwo phukusi lidachoka ku boma kupita kwa mayi. Ife likuchoka kwa mayi kupita ku boma.

Tsono ndibwere kwa ife eni magazini ino. Alawansi ikachedwa sabata imodzi timadziŵa njira ya ku ofesi, timadziŵa kulemba zikwangwani ndi kutseka msewu. M'gulu lathu la alembi ndamva ndakatulo zambiri zotamanda mayi: mayi ndi nthaka, mayi ndi mtsinje, mayi ndi nkhokwe ya fuko. Timaomba m'manja. Koma mayi wa m'ndakatulozo sagula kandulo. Ambiri a ife mchombo wathu udadulidwa ndi lezala limene amayi athu adagula okha, ndipo zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi ena a ife tidzakhala m'maofesi a unduna, m'makhonsolo ndi m'mabungwe, tikulemba malipoti onena kuti amayi a kumudzi afunika kuphunzitsidwa. Anyamata amene mukuti iyi ndi nkhani ya kuchikuta yosayenera amuna, kumbukani kuti bajeti imakambidwa m'chipinda chodzaza amuna, ndipo kumeneko simunena kuti nzachikazi.

Chimene ndikufuna nchochepa. Unduna wa Zaumoyo ugaŵe mndandanda uja paŵiri ndi kulemba poyera, pakhoma la chipatala chilichonse, m'chilankhulo cha anthu a deralo: izi nza banja, izi nza chipatala. Chodulira, chomangira, choyala, chounikira ndi mankhwala otsukira zikhale mbali ya chipatala, ndipo zikasoŵa wofunsidwa akhale mkulu wa zaumoyo wa m'bomalo, osati mayi wogwira khoma. Mafumu amene akulipiritsabe chindapusa ayambe afunsa chimene chidamuchedwetsa mayiyo asanaloze khola lake. Ndipo anzathu a zachuma, amene chaka chilichonse amasoŵa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, apite m'misika itatu ya kumudzi akafunse mtengo wa chinthu chilichonse cha pa mndandandawo, akayerekeze ndi malipiro a ganyu wa tsiku limodzi, kenaka akafunse mtengo umene boma lingagulire zomwezo pa pikulitsa. Ziŵerengero zitatuzo azibweretse kuno, akonzi azisindikize pa tsamba loyamba.