Nkhope za Makolo Zisaolere M'mabokosi

Achikulire ambiri muno m'Mozambique amakumbukira galimoto ya kanema imene inkafika m'midzi dziko litalandira ufulu mu 1975, anthu nkukhala pabwalo usiku kuonera Kuxa Kanema. Amakumbukiranso kuti mu 1991 moto unatentha nyumba ya Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Amenewo anali makanema a boma. Koma alipo ena, a m'mabanja, amene palibe akuwafunsa.

M'nthawi ya atsamunda, Apwitikizi ena ndi ansembe ena anali ndi timakamera tawo ta 8mm, kenaka ta Super 8 timene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1965. Kampukutu kamodzi nka mphindi zitatu zokha. Koma m'mphindi zitatuzo mungapezeke ubatizo, tsiku la msika, ngoma ya Angoni, kapena nkhope ya agogo amene anamwalira osasiya chithunzi. Eni makamera atachoka, mipukutu ina inapita nawo ku Portugal, ina inatsala m'mabokosi.

Filimu simadikira munthu. Ikakhala potentha ndi pachinyezi imayamba kununkha ngati viniga, imakwinyika, kenaka imathetheka. Wokhala nayo asaiike m'makina akale oonetsera, chifukwa angaing'ambe. Aisunge pozizira ndi pouma mpaka ikafike kwa odziwa, amene makina awo amajambula chithunzi chimodzichimodzi nkuchisunga pa kompyuta. Makaseti a VHS a maukwati amene anajambulidwa anthu atabwerako kothawa nkhondo ku Malawi, mtendere utasainidwa mu 1992, nawonso ali pangozi: makina oonetsera makasetiwa analeka kupangidwa mu 2016.

Ena adzati m'boma mmene anthu akulira feteleza ndi misewu, za kanema nzamasewera. Feteleza agulidwabe chaka chamawa. Nkhalamba yokhoza kuloza chithunzi nkunena kuti uyu ndi mfumu yakutiyakuti, apa ndi pa dambo lakuti, chaka chamawa mwina kulibe.

Nchifukwa chake akuluakulu a zachikhalidwe ku Tete ayenera kupempha mipingo ndi mabanja, a kuno ndi a ku Portugal omwe, kuti abwereketse mipukutuyi ikakoperedwe. Ndipo zokoperedwazo zisakathere mu ofesi. Zibwerere ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, zikaonetsedwe pabwalo la mfumu, mphunzitsi atakhala pambali ndi kope, akulemba maina amene agogo akutchula.