Banja la pa foni: Viza ya Mangalande yaika mtengo pa ukwati

M'makwalala a ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi simusowa mayi amene anzake amamusirira chifukwa mwamuna wake ali ku UK. Nyumba ndi ya malata atsopano, ana ali pasukulu yolipira, ndipo mwezi ukatha amakaima pamzere kukatapa ndalama zotumizidwa. Chimene osirirawo saona n'chakuti banja la mayiyu lidatsalira pa foni. Bambo adakwera ndege mwana ali kumsana, lero mwanayo ali Sitandade 3 ndipo bambo akewo amangowadziwira pa WhatsApp.

Achibale akafunsa kuti nanga mutsatira liti, yankho limakhala lomwelija: mapepala sadatheke. Ambiri amangogwedeza mutu, osadziwa kuti mapepalawo ndi ati, amadya ndalama zingati, nanga akuwachedwetsa ndani.

Kuyambira mu 2006 Mmalawi salowa ku Britain popanda viza. Koma viza yotsatira mwamuna kapena mkazi ndi nkhani ina, chifukwa imayamba ndi funso la m'thumba. Mu July 2012, Theresa May ali nduna ya za m'dziko, boma la Britain lidalamula kuti nzika ya dzikolo, kapena mlendo amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, azilandira ndalama zosachepera £18,600 pachaka kuti aitanitse mnzake wa m'banja. Mu April 2024 ndalamayo idakwera kufika pa £29,000. Boma la Rishi Sunak lidafuna kuikwezabe mpaka £38,700, koma chipani cha Labour chitapambana chisankho cha July 2024 chidayamba chaimika ganizolo n'kupempha komiti ya akatswiri kuti iunikenso. Komitiyo idapereka lipoti mu June 2025. Idatsutsa £38,700 ija, n'kunena kuti pakati pa £23,000 ndi £25,000 banja likhoza kudziimira palokha.

Masamu ake ngosavuta. Kuyambira April 2025, malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu ku Britain adali £12.21 pa ola. Wogwira ntchito maola 37 ndi theka pa sabata, chaka chonse osajomba, ankapeza pafupifupi £23,800. Ndiye kuti munthu wosamalira nkhalamba, wokolopa m'chipatala kapena wolongedza katundu akhoza kugwira ntchito mokhulupirika, kukhoma msonkho wonse, koma lamulo n'kumuuza kuti sadafike pokhala ndi mkazi wake. N'chifukwa chake ambiri amaphatikiza ntchito ya usiku ndi ya masana, kugona m'basi, kuti mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi aoneke onenepa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti pa pempho loyamba amawerengera malipiro a yemwe ali ku Britain yekhayo. Mkazi wotsala ku Malawi kaya ndi namwino, kaya ndi mphunzitsi woti akafika adzapeza ntchito mwezi womwewo, zimene adzalandire sizilowa m'masamu. Njira ina yotchuka ndi kuonetsa ndalama zosunga, ndipo kwa wopanda malipiro okwana n'komwe, malamulo a 2024 adaika £88,500 zoti zakhala m'banki miyezi isanu ndi umodzi. Wokhala ndi ndalama zotere sakolopa m'chipatala.

Akadumpha mpanda umenewu amapeza wina. Mu 2025 mtengo wa pempho lokha udali £1,938. Pamwamba pake pali ndalama ya chipatala yolipiriratu, imene kuyambira February 2024 idafika pa £1,035 pachaka, ndipo pa viza yoyamba amalipiritsa ya zaka zitatu. Zonse pamodzi zimapitirira £5,000, zomwe pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho ndi ndalama zoposa K10 miliyoni, tikiti ya ndege isanagulidwe. Pempho likakanidwa, ya chipatala imabwerera koma ya pempho ija yapita.

Kenaka mayeso a Chingerezi. Apa ndiye pali nthabwala yowawa. Ku Malawi aphungu amakambirana m'Chingerezi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mwana amene walephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE ngakhale akhoze masamu ndi sayansi. Komabe pa mndandanda wa maiko amene Britain imawatenga kuti ndi olankhula Chingerezi pali Jamaica, Barbados, Australia ndi ena, koma palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Choncho mayi wa Fomu 4 amalipira kuti akatsimikize kuti amatha kupereka moni ndi kufunsa njira. Amakayezetsanso chifuwa chachikulu pachipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain, n'kukatoletsa zala, kenaka kudikira yankho, kawirikawiri masabata 12.

Viza ikatuluka imakhala ya miyezi 33. Isanathe, banjalo lionetsenso malipiro, lilipirenso, mayeso a Chingerezi okwererapo alembedwenso, kuti awonjezere miyezi 30. Pakatha zaka zisanu m'pamene amapempha chilolezo chokhazikika. Nthawi yonseyi mlendoyo saloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma.

Amene adapita pa viza ya ntchito kapena ya sukulu ali ndi malamulo awoawo, ndipo nawonso chitseko chidawatsekekera. Kuyambira January 2024 ophunzira ambiri adaletsedwa kutenga mabanja awo, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku ndi ena ochepa. Mu March chaka chomwecho chiletsocho chidagwera olembedwa kumene ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Dziko likufuna manja oti atembenuze agogo ake pabedi, koma silikufuna mkazi ndi ana a mwini manjawo.

Kwa Amalawi izi si zachilendo. Agogo a anthu omwewa adapita ku Joni kudzera ku Wenela, n'kumagona m'makomponi a amuna okhaokha, akazi atatsala kumudzi ndi khasu ndi ana. Kamuzu Banda adaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, koma patapita zaka zochepa anthu adayambanso kupita pansi pa Teba. Mawu oti matchona adabadwira m'mbiri imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kale mkazi ankadikira kalata ndi bulangete, lero akudikira uthenga wa pa intaneti.

Oikira kumbuyo lamuloli ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha wolowa m'malire ake. Maukwati achinyengo ongofuna mapepala alipodi. Ndipo khoti lalikulu kwambiri la Britain, poweruza mlandu wa lamuloli mu February 2017, lidati kuika mlingo wa malipiro sikulakwira malamulo, ngakhale lidadzudzula boma kuti silidaganizire mokwanira za ana. Koma ngati nkhawa ndi msonkho wa anthu, mlendoyu adaletsedwa kale thandizo la boma ndipo chipatala amalipiriratu. Nanga chotetezedwa n'chiyani? Ukwati wachinyengo saugwira poyang'ana malipiro, pakuti wachinyengo wolemera amadutsa bwinobwino pamene wachilungamo wosauka amatsala. Mu 2015, mlingo udakali £18,600, ofesi yoona za ufulu wa ana ku England idati ana osachepera 15,000 adalekanitsidwa ndi kholo limodzi kaamba ka lamuloli. Ambiri mwa anawo adali nzika za Britain yemweyo.

Komatu mlandu wonse sungakankhidwire ku London. Mapepala ena amakanika kaamba ka zochita za kuno kumudzi.

Choyamba ndi mtchatho weniweniwo. Mabanja ambiri adamangidwa pa chinkhoswe: ankhoswe adagwirana chanza, nkhuku zidasinthanitsidwa, anthu adafupa mpaka madzulo, basi. Lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa kwa DC. Koma kalaliki amene akuwerenga pempho kutsidya la nyanja sadziwa malume a munthu, ndipo nkhuku sailowetsa mu faelo. Amafuna satifiketi. Ena amathamangira kukalembetsa ukwati pamene viza yafunika, ndiye pepala limaonetsa kuti adakwatirana mwezi watha pamene mwana woyamba ali ndi zaka khumi. Zikatero pamafunika umboni wina wochuluka: zikalata za kubadwa kwa ana, malisiti a ndalama zotumizidwa, zithunzi, matikiti a maulendo obwera kudzaona banja. Anthu amataya zinthu zimenezi ngati zinyalala.

Maina nawo ndi msampha. Pa chiphaso cha unzika dzina lidalembedwa mwina, pa pasipoti mwina, pa satifiketi ya sukulu pali dzina la msuweni amene mwiniyo adabwerekera pobwereza Sitandade 8, ndipo chaka chobadwa chidachepetsedwa. Kuno izi zimatha ndi kuseka. Kumeneko zimaoneka ngati bodza.

Ndiye pali madobadoba, anyamata a mataye amene amalonjeza kuti ali ndi munthu m'kati. Pempho la viza ya Britain limadzazidwa pa intaneti ndipo woweruza sakhala m'chipinda chimene anthu amatoletsa zala. Palibe munthu wa m'kati. Chimene dobadoba amagulitsa ndi sitetimenti ya kubanki yopeka, ndipo ikagwidwa pempho limakanidwa, banga lake n'kumatsatira mwini dzina pa mapempho am'tsogolo. Dobadobayo amakhala atasintha nambala ya foni. Safunsa adadya phula.

Koma nkhani imene mabanja amaizemba kwambiri ndi iyi: si aliyense ali ku UK angathe kuitanitsa mkazi. Amene adapita ngati mlendo wocheza n'kupitirira masiku alibe mphamvu yoitana munthu, ngakhale atamalandira ndalama zochuluka bwanji. Sangabwerenso kudzaika maliro a mayi ake, chifukwa akatuluka sadzalowanso msanga. Amuna ena amabisa zimenezi kwa zaka, n'kumauza mkazi kuti loya akuyendetsa. Enanso mapepala ali nawo, malipiro akukwana, koma adapeza wina kumeneko, ndipo mawu oti mapepala sadatheke adasanduka chophimba. Mkazi kuno akusungidwa ndi ndalama ya pamwezi, apongozi akumulondera ngati mkaidi, zaka zake zikupita. Zimachitikanso mbali inayi: anamwino ambiri adatsogola ndi amayi, ndipo bambo wotsala ndi ana amasanduka nkhani ya pabawo.

Apa m'pamene ankhoswe adayenera kugwira ntchito. Mnyamata wa kunja akabwera kudzafunsira mbeta, akuchikazi amachita chidwi ndi galimoto ya hayala ndi mafoni a mphatso. Palibe amafunsa kuti, kodi bambo, chitupa chimene muli nacho n'chamtundu wanji, chidzatha liti, ndipo chimalola kutenga mkazi? Funsoli ena angaliyese mwano, komatu ndi lofanana ndi lija makolo akale ankafunsa ngati mkamwini ali ndi munda ndi nkhokwe.

Ngakhale kwa amene wadutsa zonsezi n'kutera pa Heathrow, ulendo sudathe. Kwa zaka zisanu kukhala kwake m'dzikomo kumadalira ukwatiwo, ndipo amuna ena ankhanza amagwiritsa ntchito mpata umenewu: kulanda pasipoti, kuletsa mkazi kucheza ndi anthu, kumuopseza kuti akangodandaula akwera ndege yobwerera. Amayi ambiri sadziwa kuti malamulo a Britain amalola munthu amene adalowa pa viza ya banja, ukwati n'kutha chifukwa cha nkhanza, kupempha chilolezo chokhazikika payekha osadikira zaka zisanu zija. Palinso chilolezo cha miyezi itatu chomupatsa mwayi wa thandizo la boma pamene akukonza pempholo. Alangizi amene amasonkhana kumuuza mkwatibwi za kupirira akadamuuzako izinso, pamodzi ndi kuti pasipoti yake azisunga yekha.

Boma la Malawi nalo lisamangowerengera ndalama zakunja zimene anthuwa amatumiza. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi ya Immigration adalowereredwa ndi akuba a pa kompyuta. Kwa munthu wotsatira banja, kuchedwa kotere kumagwetsa zonse, chifukwa mapepala a viza ali ngati ndiwo zamasamba, sachedwa kufota. Malawi ali mu Commonwealth, ali ndi kazembe ku London, ndipo mu 2005 Bingu wa Mutharika adasainirana mgwirizano wa ubale ndi Jack McConnell wa ku Scotland. Zoona, za viza zimagamulidwa ku London osati ku Edinburgh, koma ubale umene umatamandidwa pa maphwando uyenera kumvekanso pa nkhani ya mayeso a Chingerezi ndi mitengo imeneyi. Ndipo kulembetsa ukwati wa mwambo kukadafika pafupi ndi anthu monga mmene chiphaso cha unzika chidafikira m'midzi mu 2017.

Pakadali pano, banja limene latsimikiza mtima liyambe ndi zimene zili m'manja mwake. Ukwati ulembetsedwe lero, maina afanane pa zikalata zonse, malisiti asungidwe m'chikwama chimodzi, ndipo malamulo awerengedwe pa tsamba la boma la Britain lenilenilo chifukwa mitengo imasintha pafupifupi chaka chilichonse. Za chifuwa chachikulu ayezetse pomalizira, mapepala a malipiro atakwana kale, pakuti satifiketi yake imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo ambiri yawathera m'manja akudikira kuti bambo akwanitse £29,000.