BUKU LIJA SINDINALIWOTCHE, NDIPO SINDILIWOTCHA

Lero uthenga ndi wautali, khalani pansi. Ena mukwiya nane, palibe kanthu, tikaonana Lamulungu.

Mwamva kale kuti Abusa akusunga buku la usataniki m'nyumba. Ena mwandiimbira foni, ena mwangondidutsa pamsika osapereka moni. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi, poyera.

Zinayamba chonchi. Mwana wa mlongo wanga amene ndikumusunga, ali Fomu 3, anapita ku Blantyre pa holide. Pobwera anatenga kabuku kakale kachingerezi, kogula kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Pachikuto pali chilombo, thupi ngati la munthu, mutu wa mmbulu, mano panja. Mayi wina wamumpingo, munthu wopemphera amene ndimamulemekeza kwambiri, anakaona pamkeka pakhonde. Anafuula dzina la Yesu katatu. Akuti, "Abusa, ichi tikachiwotche Lachisanu ku mapemphero a usiku, mwanayu timuikenso manja, amulowetsa." Ine ndinati, "Mayi, ndamva. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mundilole ndiyambe ndawerenga."

Abale anga, ine sukulu ndinalekezera sekondale, Chingerezi changa n'chokoka ndi dikishonale. Koma kabukuko ndinakamaliza masiku atatu, usiku, ndi tochi ya pafoni, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwathu kuno. Dzina lake ndi Cycle of the Werewolf, analemba ndi Stephen King wa ku America, kanatuluka mu 1983. Mitu 12 yokha, mwezi uliwonse mutu wake, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, chilombo chimapha munthu m'katawuni kena. Ndi nkhani yomwe ija ya munthu wosanduka fisi imene agogo ankatisimbira, kungoti kwawoko ndi mmbulu. Amene anatulukira chinsinsi ndi kamnyamata koyendera njinga ya olumala, kamene akuluakulu sankakawerengera. Kanachiphulitsa diso chilombocho, ndipo patapita miyezi kanakumana ndi munthu womanga diso limodzi. Mukudziwa anali ndani? M'busa wa mpingo! Masana ali paguwa, usiku akudya nkhosa zake, mumtima akudzilungamitsa yekha.

Ndinakhala chete nthawi yaitali usiku umenewo. Chiwanda sindinachipezemo, chimene ndinapezamo ndi kalilole. Kodi kuno kulibe abusa otero? Ogulitsa madzi ndi mafuta kwa mayi wamasiye amene chimanga chake chapita ndi madzi osefukira? Oitanira atsikana ku "mapemphero apadera" kuchipinda? Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mzungu wolemba nthano.

Ndinamutuma mnyamatayo kuti andifunire ena, aafupiafupi. Anandipezera awiri. Loyamba ndi The Mist, ya mu 1980. Nkhungu yadzidzidzi yakuta tawuni, m'nkhungumo muli zilombo, anthu atsekeredwa m'golosale yaikulu. Mkatimo muli mayi wina wolalikira, ndipo mantha atakula anthu akuyamba kumumvera, mpaka iye akulamula kuti mwana aperekedwe nsembe. Ukamawerenga umazindikira kuti zilombo zapanja zija n'zochepa, choopsa chenicheni chili mkati, ndi gulu la anthu amantha lopeza mneneri wake.

Lachiwiri ndi Carrie, buku lake loyamba kusindikizidwa, la mu 1974, masamba ngati 200 basi. Mtsikana wakula ndi mayi wopembedza mwankhanza, womutsekera m'kachipinda kuti apemphere. Tsiku lotha msinkhu linamupeza kusukulu, osadziwa kanthu chifukwa mayi ake sanamuuzepo, iye n'kumaganiza kuti akufa, anzake n'kumamuseka. Mapeto ake ndi moto ndi maliro tawuni yonse. Inu amayi a mumpingo, amene munaletsa ana chinamwali koma osaikapo chilangizo china m'malo mwake, bukuli likunena nafe.

Tsopano ndiyankhe amene mukunditumizira Machitidwe 19. Ndikuidziwa ndimeyo, ndailalikirapo. Ku Efeso anawotcha mabuku a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Koma werengani bwino: anali mabuku a anthu ochita zamatsenga, zida zawo zantchito, ndipo anawawotcha eni ake atalapa. Sanalande nthano m'manja mwa mwana wasukulu. Ngati nkhani iliyonse yoopsa ndi ya Satana, nanga Marko 5 tichita naye bwanji, munthu wogona kumanda wodula maunyolo uja? Nanga 1 Samueli 28, Sauli usiku kwa mkazi wa ku Endori? Nanga chigwa cha mafupa cha Ezekieli 37? Nanga nthano za agogo pamoto, zimene tinkaopa nazo kutuluka kukataya madzi? Zinatilowetsa ufiti? Ayi. Zinatiphunzitsa kusayenda usiku ndi kusasewera m'mbali mwa Shire.

Tamverani, nkhani yoopsa imene imapha ndiikudziwa ine, ndipo siikhala m'buku. Mukukumbukira 2017, mwezi wa Sepitembala ndi Okutobala? Mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, inafalikira ku Thyolo, inafika ku Blantyre, nafenso kuchigwa kuno tinagona ndi zibonga kumutu. Anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo, ena mwa iwo alendo ongodutsa. A United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Ndani anaonetsa botolo limodzi la magazi opopedwa? Palibe. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa chifukwa mphezi inapha mtsikana. Kuno kwathu ng'ona ikagwira msodzi ku Elephant Marsh, tsiku lomwelo tayamba kale kufunsa kuti yatumidwa ndi ndani, maso ali pa gogo wina wopanda womuteteza. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma timaloza ndithu, ena tili paguwa.

Ndipo ndivomereze pamaso panu: mu 2017 inenso ndinatumiza uthenga wa anamapopa pa WhatsApp, n'kuwonjezera kuti tipemphere. Sindinafufuze. Mulungu andikhululukire. Stephen King amalemba bodza n'kunena poyera kuti ndi nthano. Ine ndinafalitsa bodza n'kulitcha chenjezo. Woopsa ndani pamenepa? Buku ukaopa umalitseka n'kugona. Mphekesera ilibe chikuto.

Ndiye kwa inu makolo ndi achinyamata amene mukundifunsa ku inbox kuti poyambira ndi pati, malangizo anga ndi awa.

Yambani ndi lalifupi. Wolemba yemweyu ali ndi buku lotchedwa It, la mu 1986, masamba opitirira 1,000. Mwana wa Fomu 2 mukamupatsa limenelo afika tsamba 40 n'kutaya, n'kumati kuwerenga si kwanga. Koma akamaliza kabuku kamodzi yekha mpaka tsamba lomaliza, mwamutsegulira khomo. Mwana wanga uja Chingerezi chake chasintha, mawu amene ankandifunsa ine tsopano ndikumufunsa iye.

Onani msinkhu. Stephen King salembera ana aang'ono. Muli magazi, muli kutukwana, muli zina zapabanja. Wa pulayimale ndi wa Fomu 1 mupezereni timabuku ta Goosebumps ta R. L. Stine, tinayamba mu 1992, tochepa, Chingerezi chofewa, mantha ake ongokwanira. Wa Fomu 3 kupita m'tsogolo ayambe ndi Cycle of the Werewolf, kenako The Mist. Carrie akhale womaliza, ndipo kholo likhale pafupi.

Werengani inu kaye, kapena mwanayo akusimbireni m'Chichewa kapena m'Chisena madzulo pakhonde. Mufunseni kuti woipa weniweni m'nkhanimo ndani. Mudabwa ndi mayankho ake. Ndipo mwana amene akulota zoopsa, kapena amene mtima sunakhazikike chichitikireni namondwe Freddy mu 2023, musamukakamize. Waona kale zokwanira, mupatseni buku lina.

Sindikuti buku lililonse ndi labwino, ayi. Sindikutinso nthano ilowe m'malo mwa Mawu a Mulungu. Ndikungoti tisawotche chimene sitinawerenge, pamene ana omwewo akukhala tsiku lonse ku vidiyo kuonera mafilimu a afiti popanda wowafunsa.

Mayi aja ndinawasimbira nkhani yonse ya m'busa wa diso limodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapukusa mutu, n'kuti, "Abusa, komabe pachikutopo mumatepo pepala." Ndinamata. Buku lili pashelefu, pansi pa Baibulo, ofuna kubwereka abwere, koma abweze.

Ameni wanu mulembe pokhapokha mwawerenga mpaka pano.