SIKELO SIFUNSA KWAWO KWA WOTHYOLA TIYI

Mvula ikayamba kugwa m'mapiri a ku Thyolo, tiyi amaphukira usiku ndi usana, ndipo eni minda amasowa manja okwanira kuthyola masambawo asanakhwime. Kuyambira mwezi wa December kufikira cha mu April anthu zikwizikwi amalembedwa ntchito ya kanthawi, ndipo ntchito yotereyi kuyambira kalekale yakhala ikukopa anthu ochokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Tsono pali anthu ena ochenjera pakamwa amene amati munthu wodzera kunja, popeza adzabwerera kwawo mvula ikatha, sayenera kulandira malipiro olingana ndi a Mmalawi. Akuti mtengo wa feteleza, magetsi ndi ulendo wopita kudoko wakwera, kotero mpofunika kuchepetsako pa thumba la mlendo. Maganizo amenewa ndi thangata lovala malaya atsopano, ndipo ayenera kukanidwa poyera.

Amene aiwala mbiri ya Thyolo akumbutsidwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alhomwe ambiri anawoloka malire pothawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Atafika kuno anapeza kuti nthaka yachonde ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu inali kale m'manja mwa Azungu. Mlendo wopanda munda analibe poti nkukanira. Ankaloledwa kumanga kanyumba pokhapokha atavomera kugwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wolipirira msonkho, ndipo mwezi wa Mzungu sunkatha msanga, pakuti tsiku limene kapitawo sanalembe pa tikiti silinkawerengedwa. Eni dziko ambiri, poona kuchepa kwa malipiro, ankapita ku Rhodesia ndi ku Joni. Eni minda sanaone chifukwa chokwezera malipiro kuti awabweze, popeza alendo osowa pogwira anali kufikabe. Umo ndimo kutsika mtengo kwa mlendo kunatsitsira mtengo wa munthu aliyense wakuda m'dziko muno.

Zotsatira zake zinalembedwa ndi magazi. Mu January 1915 otsatira a John Chilembwe, ambiri mwa iwo Alhomwe, anaukira munda wa A. L. Bruce ku Magomero, kumene thangata linali loopsa. Lamulo la 1928 linalola kuti munthu alipire lendi ndi ndalama kapena mbewu m'malo mwa ntchito, koma goli linakhalabe pakhosi. Mu August 1953 anthu a ku Thyolo komweko anadzuka chifukwa cha lendi ndi kuthamangitsidwa pa malo, ndipo pa zipolowe za chaka chimenecho Afirika 11 anataya miyoyo yawo. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ana a dziko lino atayamba kugwira chiwongolero cha boma. Kodi dziko limene linalipira mtengo woterowo lingalole kuti chinthu chomwecho chilowenso pa khomo la kuseri?

Lamulo la Malawi silichita chibwibwi pa nkhaniyi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusankha wantchito chifukwa cha mtundu wake kapena dziko lochokera, ndipo limalamula kuti ntchito yolingana ilipidwe molingana. Malipiro otsikitsitsa amene Nduna ya Zantchito imalengeza sanalembedwe m'mizere iwiri, wina wa nzika wina wa mlendo. Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana pangano loyamba la malipiro m'mbiri ya tiyi wa dziko lino. Pangano lotere limafa tsiku limene gulu lina la antchito lisiyidwa kunja kwake.

Anthu amene amawerenga phindu pa mapepala ayankhe funso limodzi. Dengu la masamba likapachikidwa pa sikelo, kodi sikeloyo imafunsa kwawo kwa amene wathyola? Tiyi akafika ku okushoni ya ku Limbe, kodi wogula amachotsako ndalama chifukwa chakuti anathyoledwa ndi munthu wa ku Milange? Mame a m'mawa amanyowetsa onse mofanana, msana umapweteka mofanana, ndipo ufa pa msika wa Luchenza uli ndi mtengo umodzi. Ngati katundu agulitsidwa pa mtengo umodzi, ndalama imene yachotsedwa kwa mlendo siinapulumutsidwe ayi, yabedwa.

Nzoona kuti kulima tiyi kumadya ndalama zambiri, ndipo dziko lopanda nyanja yamchere limalipira kwambiri kuti katundu wake afike ku Beira kapena ku Nacala. Amenewo ndi mavuto enieni, oyenera kukambidwa pakati pa eni minda ndi Boma. Koma mankhwala ake sali m'mbale ya wothyola tiyi. Munda umene sungaime popanda kubera wofooka uli ndi matenda ena, ndipo auchize kumene akudwalako.

Palinso ena amene amalakwa mbali ina. Iwo amati mlendo athamangitsidwe chifukwa akulanda ntchito za eni dziko. Amenewa akuponya mwala kwa mnzawo wosauka ndi kusiya amene wapindula. Mlendo amaopsa Mmalawi pokhapokha ngati ali wotsika mtengo. Akalipidwa molingana, palibenso chimene chingachititse kapitawo kudumpha mwana wa m'mudzi ndi kukatenga wakutali. Ndiponso Amalawi asaiwale kuti iwonso akhala alendo. Mu April 1974 ndege yonyamula antchito a Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Kufikira lero ana a Malawi akugwira ntchito m'minda ndi m'nyumba za ku South Africa. Dziko limene lifuna kuti ana ake alemekezedwe kunja liyambe ndi kulemekeza ana a eni ake kwawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chofunika nchodziwika. Wantchito aliyense wa nyengo ya mvula alembedwe dzina m'kaundula wa munda, asabisidwe kumbuyo kwa munthu wongolemba aganyu. Apatsidwe pangano lomveka m'chinenero chimene amamva. Sikelo ikhale poonekera, kuti mwini dengu aone yekha makilogalamu ake. Oyendera a Unduna wa Zantchito afike m'minda mu January, pamene ntchito yafika pampondachimera, osati mu July makomboni atapita mphepo. Bungwe la antchito litsegule khomo kwa aliyense wosenza dengu, ndipo mafumu adziwe alendo okhala m'midzi mwawo kuti pasapezeke woopa kudandaula.

Agogo a anthu ambiri a ku Thyolo anafika m'dziko muno ndi kamtolo pamutu. Zidzukulu zawo lero ndi aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a dziko. Amene akufuna kuika mitengo iwiri pa thukuta la munthu apite akawafotokozere iwowo.