Laputopu yakale musaigulitse motaya

Anyamata, amene muli ndi malaputopu a kaunjika, ma HP ndi ma Dell aja, tamverani. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale chifukwa imafuna TPM 2.0. Ena ayamba kale kunena kuti basi zatha, gulitsani motchipa. Ine ndikukana.

Boti la matabwa olimba sitilitaya chifukwa injini yatopa, timamangirira ina. Ikani Linux Mint. Ndi yaulere, ndipo ya Xfce imayenda ngakhale pa RAM ya 2GB, koma 4GB ndiye bwino. Imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice, CV mulemba bwinobwino. Ma crack odzaza mavairasi aja mwasiyana nawo.

Chowawa ndi bandulo, fayilo yake ndi pafupifupi 3GB. Mmodzi adawunilode, aike pa flash ndi Rufus, enanu mubwereke. Musathamangire kudina Install. Iyatseni kaye kuchokera pa flash yomweyo, muone ngati WiFi ndi mawu zikugwira. Zithunzi ndi nyimbo sungani kwina, mukasankha kufufuta disk zipita zonse.

Iwe amene umadyera Photoshop, khala pa Windows, kunoko ivuta.