Mayi akasiya kusamba, ndani amamulangiza?

Pa moyo wa mkazi kwathu kuno pali magawo amene sitimulola kuwadutsa yekha. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amakhala naye pansi. Akamalowa m'banja, alangizi amabwera ndi mwambo wawo. Akaima koyamba, pali chisamba. Chipatala nachonso chimamudziwa bwino mayi wobereka: sikelo ya oyembekezera, sikelo ya ana, tsiku la kulera. Koma msambo ukayamba kudumphadumpha mpaka kusiyiratu, alangizi onsewa amabalalika. Mayi amatsala ndi thupi limene likusintha popanda womuuza chimene chikuchitika.

Bungwe la World Health Organization limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo zimatsimikizika pakadutsa miyezi 12 yotsatizana osapita kumwezi. Si matenda ayi. Thupi limaleka kutulutsa mazira, ndipo mahomoni, makamaka estrogen, amachepa. Kusinthaku kumayamba zaka zingapo msambo usanathe. Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, tulo timasowa, mtima umathamanga. Ena amapsa mtima msanga kapena kuiwalaiwala. Ena kumaliseche kumauma moti kukhala malo amodzi ndi bambo kumapweteka. Pali amayi amene amadutsa mosavuta, koma ena amazunzika kwa zaka.

Tsono taganizirani mayi wa zaka 48 amene wafika pachipatala n'kunena kuti, "Adokotala, thupi likumanditentha, usiku ndikumatuluka thukuta." M'dziko la malungo ndi chifuwa chachikulu, wachipatala sanalakwe kumuyeza magazi ndi makhololo. Vuto limabwera zotsatira zikatuluka zabwino. Mayi amapatsidwa Panado, n'kuuzidwa kuti sanapezeke ndi matenda. Mwezi wamawa abweranso, ndipo zikapitirira amayamba kuganiza kuti wina wamulodza. Funso limodzi lokha, lakuti "Mayi, kumwezi mukupita bwanji masiku ano?", likanatsegula nkhani yonse.

Kusadziwa kumapweteka mbali ziwiri. Wina amaopa zinthu zachibadwa, pamene wina amapeputsa zoopsa. Mayi amene watha chaka osasamba kenako n'kuona magazi asanene kuti msambo wabwerera. Apite kuchipatala msanga, chifukwa chingakhale chizindikiro cha khansa, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Komanso amene msambo wake ukungodumpha angathe kuimabe, choncho asasiye kulera miyezi 12 ija isanakwane. Estrogen ikachepa mafupa amafooka, ndipo matenda a mtima amayandikira. Apa m'pamene mayi ayenera kuyezetsa BP ndi shuga, kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi, kudya usipa ndi matemba ndi minga yomwe.

Ena anganene kuti zipatala zathu zili kale ndi mtolo wolemera, amayi akufa pobereka, mankhwala akusowa. Zoona. Koma zambiri zimene zikufunika pano sizilira ndalama. Ophunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM atuluke akudziwa kufunsa ndi kufotokoza za nkhaniyi monga amachitira ndi uchembere. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi aiwonjezere pa uthenga wawo. Amayi amene amabwera kudzatenga ma ARV, ena mwa iwo tsopano ali m'zaka zimenezi, afunsidwe pomwepo.

Za mankhwala nazonso achipatala azidziwe bwino. Kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anachititsa madokotala ambiri kuopa kupereka mankhwala obwezeretsa mahomoni. Akatswiri ataunikanso anapeza kuti kwa amayi ambiri osakwana zaka 60 amene akuvutika kwenikweni, ubwino wake umaposa kuopsa kwake, ngakhale sayenera aliyense, monga amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Mayi ali ndi ufulu womva zimenezi kwa dokotala wake, osati kungouzidwa kuti "ndi ukalamba, pirirani."

Kunja kwa chipatala, malo ophunzitsirana tili nawo kale. Amvano, achigwirizano, a Dorika, magulu a amayi kumzikiti ndi a banki mkhonde amakumana kawirikawiri. Aitane namwino tsiku limodzi. Abambo nawonso amve, chifukwa mayi akamakana kuchipinda kaamba ka ululu, mwamuna wosadziwa amafulumira kuganiza kuti wapeza wina.

Pa 18 Okutobala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la kusiya kusamba. Unduna wa Zaumoyo uligwiritse ntchito polankhula pawailesi m'zinenero zathu. Koma ntchito yeniyeni ili m'chipinda cha dokotala tsiku lililonse: mayi aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo akabwera ndi dandaulo lililonse, afunsidwe za msambo wake, ndipo yankho lilembedwe m'buku lake la kuchipatala.